Jakisoni Kapena Mapiritsi: Kodi Wodwala Schizophrenia Athandizidwe Motani?

Anamwino a m'zipatala za matenda a ubongo, kaya ndi ku Zomba, ku Chainama mu mzinda wa Lusaka kapena ku Ingutsheni ku Bulawayo, amazolowera nkhope za odwala ambiri chifukwa amawalandira mobwerezabwereza. Munthu amafika atamangidwa zingwe, akuyankhana ndi anthu osaoneka. Akalandira mankhwala kwa masabata angapo mtima umakhala pansi, amayamba kugona tulo, kusamba ndi kucheza, ndipo amatulutsidwa atanyamula kathumba ka mapiritsi. Pakangopita miyezi yowerengeka, abale amabwera naye kachiwiri ali monga poyamba paja.

Ulendo uliwonse wotere umadya chuma cha banja. Mbuzi imagulitsidwa kuti papezeke ndalama ya galimoto, munthu mmodzi amasiya khasu kuti akayang'anire wodwala, ndipo zikachitika nthawi yodzala kapena yopalira, chaka chimenecho nkhokwe imachepekedwa. Koma amene amataya zambiri ndi wodwalayo: sukulu, ntchito, ukwati ndiponso ulemu wake pamudzi.

Kawirikawiri chimene chimabwezera munthu kuchipatala n'chakuti mankhwala anasiyidwa panjira. Pachifukwa ichi, funso lakuti wodwala azimwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kapena azibayitsa jakisoni kamodzi pa masabata angapo ndi lalikulu kwa mabanja, alangizi a zaumoyo ndi onse ogwira ntchito za chitukuko m'midzi. Njira ziwirizi zili ndi ubwino wake ndi zovuta zake, ndipo n'kofunika kuzidziwa bwino musanalangize munthu.

Kodi schizophrenia ndi matenda otani?

Schizophrenia ndi amodzi mwa matenda amene kumudzi timangowaphatikiza pamodzi n'kuwatcha misala. Dzinali anayamba kuligwiritsa ntchito ndi dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, mu 1908. Matendawa amasokoneza mmene ubongo umasiyanitsira zenizeni ndi zongoganizira. Wodwala amatha kumva mawu a anthu omwe palibe, kukhulupirira kotheratu kuti ena akumulondalonda kapena akumuthirira chiphe mu nsima, ndiponso kulankhula nkhani zosalumikizana. Palinso zizindikiro zina zachete zomwe anthu amazitenga ngati ulesi: kudzipatula, kusiya kusamba, kusowa chilakolako cha ntchito ndi kuyankha mawu amodziamodzi.

Mu 2022, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 24 miliyoni ali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Tikatengera chiwerengero chimenechi, dera la anthu 3,000 likhoza kukhala ndi odwala pafupifupi khumi. Matendawa amakonda kuyamba pakati pa unyamata ndi zaka za m'ma 20, nthawi imene munthu akuyamba kudziimira payekha, ndipo amuna amayamba msanga kusiyana ndi akazi. Chibadwa cha kumtundu chimatengapo mbali, komanso kusuta chamba kwambiri kumawonjezera chiopsezo.

Tisaiwale kuti munthu aliyense wosokonezeka mutu sakhala ndi schizophrenia. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, khunyu, mowa ndi matenda ena obwera chifukwa cha HIV amathanso kuchititsa munthu kubwebweta. Woyenera kunena dzina la matenda ndi wachipatala yekha, atamupima wodwalayo.

Mankhwala alipo, ndipo amagwira ntchito

Chaka cha 1952 chisanafike, panalibe mankhwala odalirika a matendawa, ndipo odwala ambiri ankangotsekeredwa. M'chaka chimenecho madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa kuti mankhwala a chlorpromazine amachepetsa mawu osaoneka ndi mantha opanda maziko. Awa ndi mankhwala omwe ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Largactil kapena CPZ. Mu 1958 kampani ya Paul Janssen ku Belgium inapanga haloperidol. Pambuyo pake kunabwera ena monga risperidone ndi olanzapine. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, imodzi mwa timadzi timene timanyamula mauthenga mu ubongo.

Mankhwalawa sazula matenda monga mmene mankhwala a malungo amaphera tizilombo. Amawagoneka pansi, monga mmene ma ARV amachitira ndi HIV kapena mankhwala a BP ndi kuthamanga kwa magazi. Akasiyidwa, matenda amadzukanso mwa anthu ambiri. Mu 2012, Stefan Leucht wa ku Germany ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 65 wosiyanasiyana. Anapeza kuti pa chaka chimodzi, odwala 27 mwa 100 alionse omwe anapitiriza mankhwala anadwalanso, pomwe mwa omwe anasiyitsidwa mankhwala enieni anadwalanso ndi 64 mwa 100 alionse. Ku South Africa, Robin Emsley wa ku yunivesite ya Stellenbosch anatsatira kagulu ka odwala omwe anapeza bwino atalandira mankhwala kwa zaka ziwiri, kenaka n'kuwasiya. Pafupifupi 8 mwa 10 alionse anaonanso zizindikiro chaka chisanathe.

N'chifukwa chake achipatala amalangiza kuti munthu amene wadwala koyamba apitirize mankhwala kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo atapeza bwino, ndipo amene wadwalapo kangapo amafunika kuwalandira kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chiyani mapiritsi amasiyidwa?

N'kosavuta kuloza chala wodwala kuti ndi wosamvera, koma vutoli lili paliponse, ngakhale m'mayiko olemera. Ku America, kafukufuku wamkulu wotchedwa CATIE, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anatsatira odwala oposa 1,400 omwa mapiritsi. Odwala 74 mwa 100 alionse anasiya kapena kusinthitsa mankhwala omwe anayamba nawo miyezi 18 isanakwane. Ku Finland, Jari Tiihonen ndi anzake anaunika odwala 2,588 omwe anagonekedwa m'chipatala koyamba, ndipo mu 2011 analengeza kuti omwe anapitiriza mankhwala awo kwa masiku 30 atatuluka sanafike ndi theka lomwe.

Zifukwa zake n'zomveka. Choyamba, matendawa amabisa kudwala kwa mwini wake: munthu amakhulupirira kuti ali bwinobwino ndipo olakwa ndi anthu enawo, choncho saona chifukwa chomwera mankhwala. Chachiwiri, amafooketsa kukumbukira, moti ngakhale wofunitsitsa amaiwala. Chachitatu, munthu akapeza bwino amaganiza kuti wachira, monga timachitira tonse ndi mankhwala a chifuwa.

Kwa mlimi palinso zifukwa zina. Mapiritsi ena amagonetsa kwambiri, ndipo munthu wofuna kulawirira kumunda kapena kuganyu amaona kuti akumuchedwetsa. Ena amawonjezera njala, zomwe zimavuta m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene chakudya chachepa pakhomo. Chlorpromazine amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, komanso khungu limapsa msanga ndi dzuwa. Ena amachita manyazi kuoneka akumwa "mapiritsi a misala" pamaso pa apongozi kapena bwenzi. Ndiye pali mkangano wa tsiku ndi tsiku: mayi kufunsa mwana wake wamkulu ngati wamwa mankhwala, mwanayo kukwiya poona ngati akumuyesa khanda. M'mabanja ena amafika pothira mapiritsi mu phala mobisa. Wodwala akazindikira, mantha ake akuti akumudyetsa chiphe amaoneka ngati atsimikizika, ndipo amatha kukana chakudya chimene.

Jakisoni wokhalitsa ndi chiyani?

Amayi ambiri amadziwa kale kusiyana kwa mapiritsi a kulera, omwe amamwedwa tsiku lililonse, ndi jakisoni wa kulera wobaya kamodzi pa miyezi itatu. Nzeru yake ndi yomweyo. Mu 1966 kunatuluka jakisoni woyamba wokhalitsa wa matenda a ubongo, wa mankhwala a fluphenazine. Mtundu wake wotchedwa fluphenazine decanoate, womwe ambiri amautchula kuti Modecate, ndi umene wakhala ukudziwika kwambiri m'zipatala za m'chigawo chino. Ena ofanana nawo ndi haloperidol decanoate, flupentixol decanoate ndi zuclopenthixol decanoate.

Mankhwalawa amasungunulidwa m'mafuta. A fluphenazine ndi haloperidol amakhala m'mafuta a chitowe. Namwino amabaya mkati mwenimweni mwa mnofu, kawirikawiri wa pathako, ndipo mafutawo amakhala pamenepo n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kulowa m'magazi. Mlimi angayerekeze ndi manyowa, omwe amadyetsa mbewu pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali atathiridwa kamodzi. Fluphenazine amabayidwa pakapita masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina asanu, pomwe haloperidol decanoate ndi wa kamodzi pa masabata anayi. Poyamba wachipatala amapereka mlingo wochepa woyesera, kapena amayamba wapereka mapiritsi, kuti aone ngati thupi likugwirizana nawo.

Jakisoni ameneyu tisamusokoneze ndi uja amabayidwa munthu akafika kuchipatala atalusa. Ujayo ndi wa kanthawi, amagwira ntchito mwamsanga n'kutha pakapita maola. Wokhalitsayu amachedwa kuyamba, moti pamatenga masabata kuti mankhwala akhazikike m'magazi, ndipo ntchito yake ndi kuteteza kuti matenda asabwerere.

Kuli majakisoni atsopano. Wa risperidone unatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Umabayidwa pa masabata awiri alionse, umafunika kusungidwa m'firiji, ndipo wodwala amamwabe mapiritsi kwa masabata atatu oyambirira. Wa paliperidone wa pamwezi unavomerezedwa ku America mu 2009, wa miyezi itatu mu 2015, ndipo wa miyezi isanu ndi umodzi mu 2021. M'chaka chomwecho cha 2021, bungwe la WHO linaika jakisoni wa paliperidone pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri. Komabe majakisoni atsopanowa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo m'zipatala za boma za kumidzi odwala ambiri amadalirabe akale aja.

Anthu ambiri kwathu kuno amakhulupirira kuti jakisoni ndi wamphamvu kuposa piritsi. Pa matendawa si choncho. Haloperidol wa m'botolo la jakisoni ndi wa m'piritsi amagwira ntchito imodzimodzi mu ubongo. Kusiyana kuli pa njira imene mankhwala amafikira m'magazi, ndiponso pa kutsimikiza kuti afikadi.

Zimene akafukufuku apeza

Umboni wamphamvu wokomera jakisoni unachokera ku mayiko omwe amasunga mbiri ya wodwala aliyense. Mu 2017, Tiihonen ndi anzake anaunika odwala 29,823 a ku Sweden. Anapeza kuti pa nthawi imene munthu anali pa jakisoni, mpata woti agonekedwenso m'chipatala unali wotsika ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse poyerekeza ndi nthawi imene ankamwa mapiritsi a mankhwala omwewo.

Koma kafukufuku wina sanaone kusiyana kwenikweni. Ku America, Robert Rosenheck ndi anzake anagawa mwa maere asilikali akale 369 odwala matendawa, ena pa jakisoni wa risperidone, ena pa mapiritsi. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2011 zinaonetsa kuti 39 mwa 100 alionse a pa jakisoni anagonekedwanso, pomwe a pa mapiritsi anali 45 mwa 100 alionse, kusiyana kochepa koti kukhoza kungochitika mwangozi. Akatswiri amafotokoza kuti munthu wovomera kulowa m'kafukufuku wotere amakhala kale wosamala za mankhwala, ndipo amakumbutsidwa ndi kuyenderedwa pafupipafupi, zomwe sizichitika pa moyo wa masiku onse. Mu 2021, Taishiro Kishimoto wa ku Japan ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 137 wa mitundu yonse, ndipo anapeza kuti jakisoni amaposa mapiritsi pa kuchepetsa kudwalanso ndi kugonekedwa, ngakhale kuti kusiyanako n'kochepa pamene omwa mapiritsi akuyang'aniridwa bwino.

Phunziro lake n'lakuti piritsi lomwedwa mokhulupirika ndi jakisoni wobayidwa pa nthawi yake zimathandiza pafupifupi mofanana. Jakisoni amapambana pamene mapiritsi akuiwalika kapena kusiyidwa.

Mu Africa muno, kafukufuku wofunika anachitikira ku Cape Town ndi ku Ibadan m'dziko la Nigeria, motsogozedwa ndi Bonga Chiliza, Robin Emsley, Oye Gureje ndi anzawo. Odwala 207 omwe anali atangoyamba kumene matendawa anapatsidwa jakisoni wotchipa wa flupentixol decanoate pa mlingo wochepa. Pamodzi ndi jakisoniyo panali anamwino owakumbutsa tsiku lobwera ndi kuwalondola akajomba. Odwala 149 anamaliza chaka chonse ali pa chithandizo, ndipo ambiri anapeza bwino. Izi zinaonetsa kuti jakisoni wakale, akaphatikizidwa ndi munthu wolondola odwala, akhoza kuchita zazikulu ngakhale kumene ndalama ndi zochepa. Mu malangizo ake a mhGAP omwe anakonzedwanso mu 2023, bungwe la WHO linati majakisoni okhalitsa aziganiziridwa ngati njira ina m'malo mwa mapiritsi, poona kupezeka kwake, mtengo ndi zofuna za wodwala.

Ubwino wa jakisoni pamudzi

Ubwino woyamba n'ngwakuti palibe kukaika. Wodwala akasiya mapiritsi, abale ndi achipatala amazindikira mochedwa, matenda atayambiranso. Akaphonya jakisoni, kaundula wa kuchipatala amaonetsa tsiku lomwelo, ndipo popeza mankhwala amakhala akadali m'thupi kwa masiku angapo, pamakhala mpata womulondola zinthu zisanaipe. Komanso munthu akadwalanso ali pa jakisoni, dokotala amadziwa kuti vuto ndi mankhwalawo kapena mlingo wake, ndipo sawonjezera mlingo mongoganizira.

Ubwino wachiwiri ndi mtendere pakhomo. Mkangano wa mapiritsi umatha, ndipo mayi amabwerera pa udindo wake wa umayi m'malo mokhala mlonda. M'nyumba simukhala mulu wa mapiritsi omwe ana angatole kapena omwe wodwala angamwe onse pamodzi pa tsiku la kutaya mtima. Ichi n'chofunika chifukwa anthu odwala schizophrenia ali pa chiopsezo chachikulu chodzipha kusiyana ndi anthu ena. Chachitatu, wodwala amaonana ndi wachipatala mwezi ndi mwezi, ndipo uwu ndi mwayi womupima sikelo, BP ndi shuga.

Walira mvula walira matope

Jakisoni ali ndi zovuta zake zomwe wodwala ndi abale ayenera kuuzidwa asanavomere. Chachikulu n'chakuti akalowa salowanso m'botolo. Piritsi likakuipira umasiya mawa lake ndipo mphamvu yake imatha m'masiku ochepa, koma jakisoni akakuipira umapirira naye kwa masabata. N'chifukwa chake mlingo woyesera uja suyenera kudumphidwa, ndipo okalamba amafunika mlingo wochepa kwambiri.

Mankhwala akale, kaya a jakisoni kapena a mapiritsi, amakonda kuumitsa thupi. Munthu amayenda ngati wamangidwa, manja amanjenjemera, malovu amatuluka, nkhope imakhala yosasintha. Ena amasowa mtendere m'miyendo, sakhazikika pansi, ndipo abale amaganiza kuti matenda akula pomwe ndi mankhwala achuluka. Nthawi zina, makamaka mwa anyamata m'masiku oyambirira, khosi limapindika, maso amatembenukira kumwamba kapena lilime limauma. Zimenezi zimaopsa kuona koma kuchipatala zimathetsedwa msanga. Kuuma kwa thupi ndi kunjenjemera kumachepa mlingo ukatsitsidwa kapena wodwala akapatsidwa mapiritsi a benzhexol, omwe ambiri amawatcha Artane. Mapiritsi amenewa amwedwe pokhapokha wachipatala walamula.

Pakapita zaka, ena amayamba kutafuna pakamwa popanda kanthu, kutulutsa lilime kapena kugwedeza milomo mosafuna. Vutoli likhoza kukhala losatha ngati silinaonedwe msanga, ndipo Artane salithandiza, mwinanso amalikulitsa. Mlangizi akaona zizindikirozi atumize wodwala kuchipatala. Palinso vuto losowa koma lakupha: thupi kutentha kwambiri, minofu kuuma gwa, thukuta ndi kusokonezeka. Popeza limafanana ndi malungo aakulu, abale athamangire kuchipatala ndipo akanene kuti wodwalayo ali pa jakisoni kapena mapiritsi a matenda a ubongo.

Mankhwala atsopano saumitsa thupi kwambiri, koma ena, makamaka olanzapine, amanenepetsa ndi kuyambitsa matenda a shuga. Risperidone, paliperidone ndi mankhwala akale amathanso kuimitsa msambo, kutulutsa mkaka m'mawere kapena kufooketsa mwamuna m'nyumba. Izi anthu sazinena msanga chifukwa cha manyazi, komabe zimasiyitsa ambiri mankhwala, choncho wachipatala ndi mlangizi azifunsa mwaulemu komanso pambali.

Zovuta zina ndi za mtunda ndi kapezekedwe. Jakisoni amafuna namwino wophunzitsidwa, singano yatsopano ndi ulendo wa mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala, ndalama ya kabaza ndi mitsinje yodzaza nthawi ya dzinja zimatha kumulepheretsa. Ndipo mankhwala akatha m'nkhokwe ya chipatala, odwala onse a pa jakisoni m'deralo amakhala pa chiopsezo nthawi imodzi. Pamalo pobayidwa pamathanso kupweteka kapena kuchita kachotupa, n'chifukwa chake namwino amasinthasintha mbali.

Pamene mapiritsi ali oyenera

Kwa munthu amene amazindikira matenda ake, amamwa mankhwala mosadumphitsa ndipo ali ndi womukumbutsa amene amagwirizana naye, palibe chifukwa chosinthira. Mapiritsi amapereka mwayi wokweza kapena kutsitsa mlingo mwamsanga, ndipo mitundu yake ndi yambiri. Amene amagonetsa akhoza kukonzedwa kuti azimwedwa madzulo, wachipatala akavomereza, kuti munthu azigwira ntchito masana. Wodwala wokhazikika akhozanso kupatsidwa mapiritsi a nthawi yotalikirapo ngati akupita kutali kukagwira ntchito.

Palinso odwala ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, omwe sapeza bwino mokwanira ngakhale ayese mitundu iwiri ya mankhwala moyenera. Kwa iwowa mankhwala odalirika ndi clozapine, omwe amaperekedwa ngati mankhwala akumwa ndipo amafuna kupimitsa magazi pafupipafupi, choncho amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasiye mankhwala payekha, koma adziwitse achipatala msanga kuti aone njira yoyenera. Amene akumwa mankhwala a TB, a khunyu kapena ma ARV anene, chifukwa ena mwa mankhwalawa, monga rifampicin ndi carbamazepine, amachepetsa mphamvu ya mankhwala a ubongo m'magazi.

Mwini thupi afunsidwe

M'madera ambiri jakisoni ali ndi mbiri yoipa chifukwa wakhala akugwiritsidwa ntchito ngati chiopsezo: "ukapanda kumwa tikakubayitsa". Munthu amene wabayidwa atapanikizidwa pansi ndi amuna anayi sabwereranso mwa kufuna kwake mwezi wotsatira. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala la mu 2006, lomwe mayiko a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe anavomereza, limateteza ufulu wa munthu wovomera kapena kukana chithandizo atafotokozeredwa bwino, ndipo limakhudzanso odwala matenda a ubongo.

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene wodwala wapeza bwino. Afotokozeredwe njira zonse ziwiri, afunsidwe chimene chimamuvuta ndi chimene akufuna pa moyo wake, kaya ndi kubwerera kusukulu, kulima dimba kapena kukwatira. Ambiri akamva kuti jakisoni amatanthauza kuiwala za mankhwala kwa mwezi wathunthu amasankha okha. Ena amaopa singano ndipo amasankha mapiritsi. Chisankho chikhoza kusinthidwa m'tsogolo. Mabungwe a odwala ndi owasamalira, monga MeHUCA ku Malawi, amathandiza anthu kumva kuchokera kwa anzawo omwe adutsamo kale.

Ntchito ya mlangizi ndi banja

Mutu umodzi susenza denga. Kaya wodwala ali pa jakisoni kapena pa mapiritsi, pali zinthu zimene inu alangizi, atsogoleri a magulu a alimi ndi abale mungachite popanda ndalama zambiri.

Onetsetsani kuti tsiku la jakisoni wotsatira lalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo wodwala akalola, lilembeninso m'buku lanu. Mukumbutseni kutatsala masiku awiri, pa foni kapena pomuyendera. Akaphonya, musadikire mwezi wina: apite sabata yomweyo. Kumene kuli sikelo yoyendera m'midzi, kambiranani ndi akuluakulu a chipatala ngati n'kotheka kuti namwino azibwera ndi jakisoni pa tsiku lomwelo. Mvula isanayambe, funsani achipatala chimene wodwala angachite ngati mlatho wakokoloka kapena jakisoni watha, chifukwa nthawi zambiri akhoza kupatsidwa mapiritsi ogwirizira. Gulu la banki m'khonde kapena la mpingo likhoza kupatula kandalama ka ulendo wa kuchipatala, komwe n'kochepa poyerekeza ndi mtengo wa galimoto yonyamula munthu amene wadwalanso.

Kwa omwa mapiritsi, alumikizeni ndi chinthu chochitika tsiku lililonse, monga chakudya cha madzulo, ndipo womukumbutsa akhale munthu amene wodwalayo wasankha yekha. Phunzirani zizindikiro zoyamba za kubwerera kwa matenda: kusagona usiku, kudzitsekera m'nyumba, kukayikira anthu, kuseka kapena kulankhula yekha. Munthu aliyense amakhala ndi zizindikiro zake zomwe zimabwera mofanana nthawi zonse, ndipo abale amazidziwa kuposa dokotala.

Mabanja ambiri amapitanso kwa asing'anga ndi kumapemphero, ndipo kuwanyoza kumangowathamangitsa. Kafukufuku wa ku Nigeria ndi Ghana yemwe anatuluka mu 2020, motsogozedwa ndi Oye Gureje, anaonetsa kuti asing'anga ndi atsogoleri a mapemphero akamagwira ntchito limodzi ndi achipatala, odwala amapeza bwino kuposa pamene aliyense akuchita zake. Chofunika kugwirizana ndi chakuti mankhwala asasiyitsidwe, ndipo wodwala asamangidwe unyolo, kumenyedwa kapena kusalitsidwa chakudya.

Pomaliza, mankhwala okha sakwanira. Munthu amene wapeza bwino amafuna ntchito ya manja ake ndi malo pakati pa anzake. Mupatseni mzere wake m'munda, mulandireni m'kalabu ya alimi, muitaneni kumaliro ndi kuukwati, ndipo mutchuleni dzina lake. Mulimbikitseni kupewa chamba ndi mowa. Amene ali ndi chimene akudzukira m'mawa amakhala ndi chifukwa chosungira tsiku lake la kuchipatala. Ngati m'dera lanu muli munthu amene wagonekedwapo kawiri kapena katatu chifukwa chosiya mapiritsi, muperekezeni kwa namwino wa matenda a ubongo pa chipatala cha boma lanu, ndipo mukafunse limodzi ngati jakisoni wokhalitsa alipo komanso ngati angamuyenere.